Mboni Zitatu za Namilazi

Padangokhalatu, abale anga, kale lomwe mafumu akadali ndi michira, asilikali akuyenda ndi miyendo inayi, padali mfumu yaikulu ya nyama zonse, Chipembere, dzina lake Mpondadziko. Mfumu imeneyi idagonjetsa maiko asanu ndi awiri, koma maso ake sankaona patali. Choncho idali ndi akuluakulu atatu oionera zinthu. Woyamba adali Njati, kazembe wa nkhondo, amene ankadzitcha Chiphwanya. Wachiwiri adali Nungu, mlembi wa mbiri ya ufumu, amene ankazula munga pamsana pake n'kumalemba pathanthwe la pabwalo zonse zochitika m'dzikomo. Wachitatu adali Nang'omba, wansembe wamkulu wa kukachisi, amene ankati mizimu imayankhulira pakhosi pake.

Chaka china mimbulu idalowa m'dzikomo n'kuyamba kugwira ana a nyama. Chiphwanya adasiya asilikali ena onse kuti alondere likulu la mfumu, iye natenga gulu la misulu lokha, misulu makumi anayi ndi itatu, kupita nayo kudambo la kumalire. Patapita masiku awiri adabwera yekhayekha, thovu lili kukamwa.

"Ndapambana!" adatero pabwalo. "Mimbulu ndaibalalitsa ndekha ndi nyanga zangazi. Misulu itangomva fungo la adani, yonse liwiro. Kumene yalowera sindikudziwa."

Mimbulu idali itabwereradi kwawo, ndiye mfumu idakondwa. Idalamula Nungu kuti alembe pathanthwe kuti Chiphwanya adapulumutsa dziko ndipo misulu idathawa nkhondo. Nungu adalemba. Nang'omba adalowa m'kachisi, nagunda mawu ake akuluakulu aja, natuluka ndi uthenga wakuti mizimu yati amantha saliridwa. Aliyense wolira maliro a msulu adzaponyedwa m'dziwe la ng'ona.

Tsono mtsogoleri wa misulu ija adali Kamphinda, ndipo mkazi wake adali Namilazi. Mayi ameneyu adamuonapo mwamuna wake akupha mamba pakhomo, ana ali m'nyumba. Zoti Kamphinda angathawe nkhondo sizidamulowe m'mutu. M'mamawa mwake adanyamuka yekha kupita kudamboko, ndipo adawapeza. Onse adali gone pamzere umodzi, miimba itayamba kale ntchito yake. Kamphinda adafa mano ali chilumire, ndipo pakati pa manowo padali kachikopa ka m'mbulu. Namilazi adakachotsa, nakakulunga m'tsamba, nakabisa m'chiuno. Misozi sidatuluke. Adabwerera, nalunjika pabwalo pamene mfumu idakhala ndi akuluakulu ake.

"Mfumu, thanthwe lanu likunama."



"Akuyankhula ndani pansipo?" idafunsa mfumu ikutsinzina maso.

"Ndine Namilazi, mkazi wa Kamphinda. Mwamuna wanga sanathawe. Ali gone kudambo pamodzi ndi anzake onse, miimba ikuwadya ngati agalu opanda mwini. Amene anathawa ndi uyo wakhala kudzanja lanu lamanjayo, akubzikula ngati palibe chimene chachitika."

Chiphwanya adadzambatuka. "Ndilekeni ndikaponde kanthu aka!"

"Khala pansi," idatero mfumu, ndipo idaseka. "Iwe mkazi, kulira kwa wamasiye si umboni. Ine ndili ndi mboni zitatu: mlembi wanga, wansembe wanga, ndi kazembe wanga. Ndikupatsa masiku atatu. Onse atatu anene ndi pakamwa pawo kuti iwe ukunena zoona. Akakana mmodzi yekha, ng'ona zidya msulu."

"Nanga akanena onse?"

"Mukalire maliro anu mpaka mawu akuthereni."

Mfumu idaitana Nkhanga, mthenga wake, kuti aziyenda ndi Namilazi kulikonse n'kumabweretsa zimene wamva. Nkhangayo adali ndi chilema chimodzi chodziwika dziko lonse: chilichonse chimene walowetsa m'khutu ankachitulutsa pakamwa monga momwe chaloweramo, osachotsa, osawonjezera, ndiponso mofuula.

Masana a tsikulo akazi amasiye a misulu adasonkhana pamtondo. Kulira adawaletsa, koma kusinja mapira palibe adaletsa. Namilazi adayambitsa nyimbo ya pamtondo. Iye ankatchula dzina la mwamuna mmodzi, anzake n'kuvomera pofunsa kuti ngati adathawadi, bwanji sakufika kunyumba kudzadya. Dzina lililonse linkagwera pamodzi ndi munsi, ndipo minsiyo inkagunda mwaukali mpaka mtondo wina udang'ambika.

Tsiku loyamba Namilazi adapita kwa Nungu, Nkhanga ali pambuyo. Adafika chokwawa, nakhala patali.

"A Nungu, ndabwera kudzapepesa. Chisoni chinandizunguza mutu. Munthu wophunzira ngati inu sangalembe bodza."

"Wachita bwino kudziwa malo ako," adayankha Nungu osatembenuka n'komwe.

"Chimene chikundiwawa n'chakuti a Kamba, mlembi wa kutsidya uja, akukusekani."

Minga ya Nungu idaimirira. "Kamba? Uja amalemba ngati nkhuku ikupalasa? Akuti chiyani?"

"Akuti mlembi weniweni akalemba kuti akutiakuti anathawa, amalembanso kumene analowera, kaya kuvuma kaya kuzambwe. Akuti inu munasiya chifukwa kuwerenga mapazi simudziwa."

"Ine? Ine amene ndimadziwa phazi la nyerere yopunduka? Tiye kudamboko pompano!"

Atafika, Namilazi adamutsogolera pamatope ouma, naloza pansi. "Awa, bambo. Awa ndi mapazi a mwamuna wanga akuthawa."

Nungu adayang'ana kamodzi. "Amenewo si mapazi a msulu."

"Ndi ake ndithu. Ndakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi, ndingalephere kudziwa phazi lake?"

"Msulu ali ndi ziboda?"

"A Kamba akuti zimachitika. Akuti nyama ikachita mantha kwambiri, mapazi amatupa n'kugawanika pakati."

Apa Nungu adaiwala mfumu, adaiwala Nkhanga, adaiwala zonse. "Umbuli wotani umenewu! Izi ndi ziboda za njati! Njati yamphongo, yolemera, ili paliwiro la mtima bii. Taona kutalikirana kwake! Ikuloza kumudzi, msana kwa adani. Ndipo taona apa, inadzithandiza ili chithamangire, osaima n'komwe!"

"Ndaphunzira, bambo. Nanga mitembo iyo, si ya mimbulu imene a Kazembe anapha?"

"M'mbulu wa mutu waung'ono chonchi unauona kuti? Misulu iyi! Makumi anayi ndi itatu. Mitu yonse yaloza kumene kunachokera adani. Mabala onse ali kumaso ndi pachifuwa, palibe ndi mmodzi yemwe wolumidwa kumbuyo. Awa anafa akumenya, ndipo magazi akuda awa akusonyeza kuti mimbulu inachoka pano ikutsimphina. Ukamuuze Kamba wakoyo kuti..."

Adalekeza pomwepo. Atatembenuka adangoona fumbi la Nkhanga akuthamangira kubwalo, akufuula kale za njati imene idadzithandiza ili chithamangire.

"Mwandipha, mayi," adatero Nungu, minga itagwa.

"Inu mwafa ndi manyazi okha. Awa afa ndi mano," adayankha Namilazi. "Maso akuthwa chonchi munali nawo tsiku limene munkalemba lija?"

"Ndinalemba zimene anandiuza."

"Ndiye munga wanuwo akanangopatsa Nkhanga. Iye amanena zimene wamva popanda kudzitcha wophunzira."

Mfumu itamva uthengawo idapalasa pansi mpaka fumbi lidakwera. Idaitana Nang'omba. "Mawa akubwera kwa iwe. Tseka chitseko, tseka pakamwa. Ukangoti kukhosomola, ndikuthothola nthenga."

Amasiye aja adabwereranso pamtondo. Nyimbo idali yomweyo, maina omwewo, koma tsopano ovomera ankafunsa kuti kodi ziboda zoloza kumudzi zija n'za mwamuna wa yani. Nyama zina zodutsa ndi mitsuko zidaima n'kumamvetsera, ndipo zina zidapita zikung'ung'udza nyimboyo chapansipansi.

Tsiku lachiwiri Namilazi adafika kukachisi atasenza lichero la ngumbi zokazinga, napeza chitseko chili chitsekere. Tsono lamulo la kukachisi lidali lakuti nsembe imaperekedwa kwa mizimu ya amene adafa bwino, ndipo wansembe ndiye amadya m'malo mwa mizimuyo. Chiletsereni maliro, palibe adabweretsa nsembe, ndiye Nang'omba adali atakhala masiku angapo akungomeza malovu. Namilazi sadagogode. Adakhala pansi pafupi ndi chitseko, navundukula lichero, nayamba kucheza ndi Nkhanga mokweza mawu.

"Iwe Nkhanga, taona kupusa kwanga. Ndakazinga ngumbi zonsezi kuti ndipereke nsembe kwa mzimu wa mwamuna wanga, osakumbukira kuti a Nang'omba anati ali moyo, anathawa. Wamoyo alibe mzimu wolandira nsembe. Tiye tingodya tokha."

Adayamba kudya, kukukuta mokweza. Fungo lidalowa m'kachisi. Patapita kanthawi chitseko chidatseguka pang'ono, mlomo wautali n'kusuzumira.

"Siya licherolo pakhomo, uzipita."

"Ayi, bambo, ndingakupheni. Si inu nomwe munatiphunzitsa kuti wodya nsembe ya munthu wamoyo amatupa mimba mpaka kuphulika?"

Chitseko chidatsekeka. Namilazi adapitiriza kudya. Posakhalitsa kudatulukira amasiye ena onse, makumi anayi ndi awiri, ali pamzere, aliyense atasenza lichero lovundikira ndi masamba. Namilazi adaimirira n'kuwakupiza ndi dzanja.

"Bwererani, anzanga! Amuna athu ali moyo. Dzombe lanulo, achule anuwo, nkhono zanuzo, kataye kwa nyerere."

Akaziwo adatembenuka. Chitseko chidatseguka chonse.

"Imani! Imani kaye!" adafuula Nang'omba. "Mizimu nthawi zina imayankhula chapansipansi. Ndikafunsenso."

Adalowa, nagunda kawiri katatu mofulumira, natuluka.

"Yati Kamphinda wafika, ali pakati pawo. Tula lichero."

"Sizingatheke, bambo. Munati amantha sakhala pakati pa mizimu yabwino. Mwina ndi Kamphinda wina."

"Ndi yemweyo! Sanali wamantha. Anafa akumenya nkhondo."

"Nanga amuna a anzangawa? Ngati ndi wanga yekha, awa azipita ndi malichero awo."

"Onse! Onse makumi anayi ndi atatu anafera pankhondo, palibe anathawa! Tulani!"

Nkhanga adameza ngumbi yomaliza, nauyatsa wa kubwalo. Amasiye adatula malichero pamapazi a wansembe, navundukula. Monsemo mudali phulusa lokhalokha. Lichero la Namilazi lidali litatsala mapiko okha.

"Limeneli ndi phulusa la m'nyumba zathu," adatero Namilazi. "Moto wa maliro munatikaniza, ndiye idyani la pamafuwa. Tsiku lija mizimu inati anathawa, lero yati anafa bwino. Mizimu yanuyo imakhala kuti, bambo, m'kachisi kapena m'mimba?"

Nang'omba adafuna kutemberera, koma mawu adamukanirira pakhosi, khosi lidatupa n'kufiira ngati nyama yosenda, ndipo silidabwererenso mwakale.

Mfumu itamva idathyola mpando wake. Idaitana Chiphwanya. "Watsala ndiwe. Mawa ndikuchita phwando la chipambano chako, dziko lonse lidzakhalapo. Kamkazi kaja kakakuyankhula, usayankhe. Dzuwa likangolowa, kapita kwa ng'ona."

"Ine sindine wonyada ngati Nungu, sindine wadyera ngati Nang'omba," adatero Chiphwanya. "Pakamwa panga sipatuluka ngakhale mpweya."

Tsiku limenelo pamtondo sipadakwane. Akazi a agologolo, a akanyimbi, a anyenga, onse adabwera ndi minsi yawo. Namilazi sankatchulanso maina yekha. Aliyense ankaponya dzina limene akulidziwa, ndipo ovomera ankafunsa kuti mawa nkhondo ikabweranso, adzaikidwe patsogolo ndi mwamuna wa yani. Nyimboyo idamveka mpaka kunyumba ya mfumu, koma poti idali ya pamtondo, padalibe mlandu woizenga. Anzake akuimba, Namilazi adakhala pambali n'kumaluka nkhata ya luzi ndi nthenga zokongola. M'kati mwake adasokereramo kachikopa ka m'mbulu kaja.

Tsiku lachitatu ng'oma zidalira kuyambira m'mawa. Asilikali onse adaima pamizere ndi mikondo yawo. Chiphwanya adakhala pakati pa bwalo, milomo ili chitsekere. Dzuwa lili paliwombo Namilazi adatulukira, nagwada pamaso pa mfumu.

"Mfumu, ndagonja. Awiri aja ndinawapusitsa, koma a Kazembe ndi mwala. Ndisanapite kwa ng'ona, loleni ndiwaveke nkhata yaulemu iyi ndi manja anga, kuti dziko lonse lione kuti mkazi wa Kamphinda wagwada."

Mfumu idakondwa kwambiri. "Muveke. Aliyense aone."

Chiphwanya adaweramitsa mutu monyada. Namilazi adakwera, namanga nkhatayo pansi pa nyanga, pamwamba pa mphuno penipeni, namanga mfundo zitatu zolimba. Adatsika, nakakhala pansi.

Dzuwa lidaomba pankhatapo. Kachikopa kaja kadatenthedwa, fungo lidayamba kutsika. Chiphwanya adakweza mphuno. Adatembenukira kuvuma, fungo lili pomwepo. Adatembenukira kuzambwe, fungo lili pomwepo. Makutu adaimirira. Nthawi yomweyo wamasiye wina kumbuyo kwa khamu adaika manja pakamwa, nalira kamodzi monga imaitanirana mimbulu.

"Mimbulu!" adakuwa Chiphwanya. "Yabweranso! Yatizungulira! Ikani misulu patsogolo monga tsiku lija, ine ndidutse!"

"A Kazembe," adafuula Namilazi, "misulu tiitenga kuti? Si munati inathawa?"

"Inatha yonse! Inafera pomwepo, ndinaimva ikulira ndili kutali! Ikani agologolo! Ikani akanyimbi! Ikani aliyense wamng'ono, aichedwetse!"

Adalumpha ng'oma yaikulu, nagubuduza mitsuko ya mowa, naboola mpanda, nalowa m'tchire. Kulikonse kumene ankathawira fungo linkamutsata, ndipo kukuwa kwake kudamveka mpaka kudazilala patali.

Nkhanga adatsekula pakamwa kuti abwereze, koma mfumu idamukalipira. "Khala chete! Ndamva ndekha."

Namilazi adaimirira. Sadagwadenso. "Mboni zitatu zanena, mfumu. Tikupita kukatenga amuna athu."

"Zanena chifukwa wazipusitsa. Mawu otulutsa ndi msampha si umboni."

"Ine ndawatchera msampha kuti anene zoona. Amene anawatchera kuti aname ndani?"

Mpondadziko adafwenthera mwaukali mpaka nthenga za Nkhanga zidauluka. "Kodi ukuyesa sindinkadziwa? Maso anga ndi ofooka, koma mphuno yanga ndi yamoyo. Tsiku limene anabwera lija, mantha ankanunkha thupi lake lonse. Koma Njati ndi mmodzi, misulu imabadwa chaka ndi chaka. Maiko asanu ndi awiri amandiopa chifukwa cha nyanga za kazembe wanga. Ukufuna amve kuti amathawa, chifukwa cha timitembo makumi anayi? Asilikali! Gwirani kamkazi aka, mukakaponye m'dziwe!"

Namilazi adatembenukira kwa Nkhanga. "Wamva? Anandituma mboni zitatu. Ndapeza zinayi."

Palibe msilikali adasuntha. Pamizere ija padali agologolo, akanyimbi, anyenga, akamundi, tinyama tating'onoting'ono tokhatokha, ndipo tonse tidamva ndi makutu athu omwe zimene kazembe adanena ndi zimene mfumu idawonjezera.

"Ndati gwirani!"

Pamzere woyamba padali Chiuli, msilikali wokalamba wa zipsera thupi lonse, amene adamenya nkhondo zonse zisanu ndi ziwiri. Adatuluka pamzere pang'onopang'ono, nafika pamaso pa mfumu.

"Mfumu, khutu ili ndinalisiya kunkhondo yanu yachiwiri. Ana anga awiri ndinawasiya kuyachisanu. Munandiuza kuti maina awo simudzawaiwala. Tatchulani limodzi."

Chiuli adasendera pafupi.

"Limodzi lokha."

Sidatchule. Chiuli adathyola mkondo wake pabondo, naponya zidutswazo pamapazi a mfumu. Kumbuyo kwake kudamveka thyo, thyo, thyo, mzere ndi mzere, mpaka pabwalo padadzaza timitengo.

Mpondadziko adaweramitsa nyanga, nathamangira kumene kunkachokera mawu a Namilazi. Koma masiku onse ankagunda adani chifukwa wina ankamuuza kuti ali uku, ali uko. Tsiku limeneli palibe adamuuza. Adagunda nkhokwe yake yomwe, nagunda mtondo, nagwera m'dzenje la zinyalala, ndipo podzuka pabwalo padalibe ndi mmodzi yemwe. Onse adali panjira ya kudambo, makasu ali paphewa, Namilazi ali patsogolo.

Adakumba manda makumi anayi ndi atatu. Ali mkati mokumba, Nungu adafika chozemba, munga uli m'manja.

"Mayi, ndiuzeni maina awo onse. Ndikafufuta zija, ndikalemba zoona."

"Lero simulemba," adatero Namilazi. "Gwirani khasu ili. Mukumbe manda a Kamphinda, ndipo akhale akuya."

Nungu adakumba mpaka manja adatuluka matuza. Atamuika mwamuna wake, Namilazi adayambitsa nyimbo ija, koma tsopano padalibe munsi woibisa. Adangotchula dzina la Kamphinda, mawu n'kuduka, misozi imene adaisunga masiku onse aja n'kutsika. Anzake adailanda nyimboyo, ndipo nyama zonse zidalira maliro aja masiku atatu, mokweza, osaopa ng'ona.

Tsiku lachinayi Nkhanga adafika ali wefuwefu.

"Mfumu yati bwererani. Yati ilibe woichotsa nkhupakupa, ilibe woiuza kumene kuli madzi. Yati maiko awiri atumiza kale mithenga yonyoza. Yati Namilazi ikumupatsa ukazembe wa nkhondo, ndiponso nyumba ya Chiphwanya."

Onse adayang'ana Namilazi. Iye adali akutsira dothi lomaliza pamtumbira.

"Ukazembe? Kuti inenso ndizisankha ana a anzanga oti akafe? Kaiuze mfumu yako kuti nyumba ya Chiphwanya iikemo mbuzi. Ife tikukamanga kwathu kuchulu, ndipo kumeneko wamkulu ndi amene wayamba kuona mdani n'kuchenjeza anzake."

"Ndikanene choncho?"

"Monga momwe wamvera. Ndipo ukafuule, monga umachitira."

Chiuli adamuyandikira. "Mayi, mwapambana. Mtima watsika tsopano?"

Namilazi adapukuta dothi m'manja, nayang'ana mitumbira ija kuyambira woyamba mpaka womaliza.

"Ana anga anayi afunsa madzulo ano kuti atate awo abwera liti. Mubwere mudzawauze inuyo kuti ndapambana."

Adasenza khasu lake, nauyamba ulendo wa kuchulu, amasiye onse ali pambuyo pake.

Yanga yagona pamenepo. Amene anakwirira mbatata akafukule msanga, ingapserere.